Bodza la atate

Atate anali munthu wosatha kunama. Pogulitsa nkhuku pamsika wa Mitundu ankayamba n'kuuza wogula kuti nkhukuyo imadya mazira ake, amayi n'kumangogwira pakamwa. Kwawo kunali ku Nathenje, ndipo kwathu anabwera pachikamwini. Masiku amenewo, zaka za Chitaganya, mkamwini ankalima ndi kumanga nkhokwe, koma pa nkhani ya ana mawu anali a atsibweni, mlongo wawo wa amayi.

Mvula itagwa chaka china, mlongo wanga wamng'ono anatupa tsaya. Anali asanayambe sukulu. Poyamba tinkati ndi dzino, ndipo ine ndinkamuseka kuti wabisa mango m'kamwa. Koma chotupacho chinakula, mano anayamba kugwedera, diso linakankhikira m'mwamba. Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Akuluakulu atamuona anati ndi tsempho. Ankati mwana akatupa masaya chotere ndiye kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda ndi munthu wina, ndipo mankhwala ake sagwira mpaka wolakwayo ataulula. Atate ankafuna kupita naye kuchipatala ku Lilongwe. Atsibweni anakana. Sanali munthu wankhanza ayi. Mwanayo ankamukonda, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akachoka pamudzi asanamwe mankhwalawo akafera panjira.

"Alamu, mwanayu satuluka muno wina asanaulule," anatero atsibweni.

Atate anakana kuti sanalakwe, amayi nawonso anakana. Nkhani inaima, koma chotupa sichinaime. Mwana anafika pomangomeza phala lamadzimadzi lokha.

Tsiku lina masana atate anachokera kumunda, anasamba m'manja, n'kukakhala pansi pamaso pa atsibweni ndi amayi aakulu. Anayankhula mokweza moti pamudzi ponse tinamva.

"Ndine ndinalakwa. Loweruka lija mvula itangoyamba, ndinayenda ndi mkazi wina wa ku Diamphwe."

Anthu anawanyoza koopsa. Amayi aakulu analavula malovu pansi. Amayi anga okha anangowayang'ana atate nthawi yaitali. Mankhwala a tsempho anaphikidwa, mwana anamwetsedwa, ndipo m'mawa mwake atate anatulutsa njinga. Amayi anakhala pakaliyala atamufukata mwana, ulendo wa ku Lilongwe.

Dokotala anati si dzino, komanso si tsempho, koma chotupa chodya fupa. Lero matendawo timawatchula kuti khansa. Anamuchita opaleshoni, anachotsa chimene anatha kuchotsa, ndipo sanabise kuti chidzameranso. Atate ankagona pakhonde la chipatala, n'kumapalasa njinga kubwera kudzapalira fodya, kenako n'kubwereranso ndi ufa.

Mlongo wanga anabwera kumudzi tsaya litaphwa, ali ndi chipsera chachitali. Anadya chimanga chachiwisi chootcha chaka chimenecho, ankatafunira mbali imodzi. Anathamangitsa mbuzi, ndipo ine anandigenda ndi chitsononkho pobwezera za mango zija. Anthu anati mankhwala a tsempho agwira, ndipo atate sanatsutse. Tikuyamba kukolola, chotupa chinameranso. Chimanga chisanathe kulowa m'nkhokwe, tinamuika m'manda.

Maliro atatha, abale a amayi anati munthu wosempha mwana wake sangakhalenso pamudzi. Atate anamangirira khasu ndi bulangete panjinga n'kubwerera ku Nathenje. Sanadzikanire ngakhale liwu limodzi. Patangopita masiku ochepa amayi anamanga katundu, anasiya munda wa makolo awo, n'kundigwira dzanja kuwatsatira. Mkazi kulondola mwamuna wopitikitsidwa chinali chinthu chamanyazi, ndipo anthu anawanena mpaka kutopa okha.

Nditakula n'kukhala ndi wanga mwana kumsana, ndinawafunsa amayi chifukwa chimene anatsatira munthu amene anawachititsa manyazi chotere. Anaseka mpaka misozi.

"Mwanawe, Loweruka limenelo atate ako anali ndi ine kumunda, tikuwokera fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu ameneyu kunama sadziwa. Ngakhale tsiku lonamizira analephera kusankha bwino."

Ndinalira, ndipo mpaka lero sindinaonepo munthu amene ndimamulemekeza kuposa atate. Ndinakawapeza ali pakhonde akukonza tcheni cha njinga yomwe ija. Ndinagwada n'kuwafunsa ngati sizinawawawe kutaya mbiri yawo ndi mudzi, pomwe mwanayo anamwalirabe.

Sanadzutse mutu. Anapukuta mafuta m'manja ndi kansanza, n'kunena kuti, "Mlongo wako anadya chimanga chaka chija. Ndinamuotchera ndine."