Bambo Yahya pa Chitunda cha ku Manda

Bambo Yahya akhala akukonza mathirakitala pa esiteti ya tiyi ku Chipinge kwa zaka makumi atatu. Tsiku lina ndinanyamula maliro a mlongo wawo pa pikiyapu ya malemu amuna anga, koma inakanika kukwera chitunda. Asilamu sagoneka maliro, ndipo dzuwa linali litapendeka, manda akadali kutali.

Bambo Yahya anamasula kavalavu koyang'anira mphamvu ya dizilo, naika kachitsulo kopyapyala kuseri kwa sipuling'i yake kuti injini ipeze mphamvu zochuluka.

"Nanga paipi ya dizilo ikaphulika?" ndinafunsa.

"Tisenza pamapewa, Mayi Yunike. Lizani."

Ndinaliza injini ndikupemphera chamumtima. Galimoto inafuka utsi wakuda, nikwera monjenjemera. Mlongo wawo anamuika dzuwa likadalipo, Bambo Yahya atavalabe ovolosi.