Mbale zimene alamu anayeretsa

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Anafika Loweruka masana kuchipinda chimene tinkachita lendi kufupi ndi Mobeni, kuno kudziko la eni, akumwetulira, jumbo ya malalanje ili m'manja. Ine ndinali pamatiresi ndi mwana wanga womaliza, asanakwanitse n'mwezi womwe. Chinali chaka cha 2009. Alamuwo ndi amene ankandigwirirako ntchito kwa adona anga ku Greyville pamene ndinali m'chikuta.

"Mlamu, ukapita ukadzionere wekha," anatero asanakhale n'pansi pomwe. "Mbale za pakhoma zija ndayambapo zitatu. Zayera mbee."



Adona anga anali mayi wokalamba, wamasiye, wokhala yekha pafulati yakale. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Chimene ankakonda pamoyo wawo ndi mbale zadothi zakalekale zochokera ku France. Zinali pakhoma lonse la pabalaza, zina za zithunzi zabuluu, zina zofiirira, zina zobiriwira: mbalame zili panthambi, maluwa, mayi akutunga madzi. Anandiuza kuti zithunzizo sankajambula ndi dzanja, ankazidinda papepala n'kumata pepalalo pambale isanawotchedwe. Koma zimene maso anga anaona tsiku loyamba si zithunzi ayi. Ndinaona timing'alu ting'onoting'ono ngati ukonde wa kangaude, ndi mathotho ofiirira ngati wina anatayirapo tiyi n'kuiwala kutsuka. Mumtima ndinati, mayi wa ndalama zake chonchi, n'kumakoloweka mbale zoti kwathu tingapatsire nkhuku madzi?

Nthawi zina Loweruka ankanditenga kumisika ya katundu wakale kuti ndiziwanyamulira basiketi. Akaona mbale ankayamba aitembenuza kuti aone chidindo cha kumbuyo, kenaka n'kuigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Ikalira bwino ndiye kuti mng'alu sunalowe mkati. Yoyera kwambiri ankaibwezera pansi. Ankati mathothowo ndi mafuta ndi msuzi zimene zinalowa m'timing'alu tija, zakudya za anthu amene anapita kalekale. Ankandionetsanso mikwingwirima ya mpeni pakati pa mbale n'kunena kuti apa munthu wina ankadula nyama yake tsiku ndi tsiku. Pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinayamba kuzizolowera, mpaka ndinali ndi yanga yapamtima, ya timbalame tiwiri.

Lamulo linali limodzi: mbale za pakhoma n'zopukuta ndi kansalu kouma basi. Mayi amene ankagwira ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa cha mbale zomwezi. Alamu ndinawauza zonsezi bwinobwino. Koma alamu anga ndi munthu woti akaona poto wakuda sagona. Adona atapita kukacheza kwa mnzawo kwa masiku angapo, iwo anatsitsa mbale zitatu zothimbirira kuposa zonse n'kuzinyika m'ndowa ya jiki.

Nditawauza kuti alakwitsa, anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati iwo ankaganiza kuti lamulolo ndinangolipeka ndine pothawa ntchito, ndipo sakanalola kuti azungu azinena kuti Amalawi ndi auve. Ndinawafunsa kuti zitatuzo ndi ziti. Atatchula ya nkhata ya maluwa abuluu, yobenthuka m'mphepete, ndinatseka maso. Imeneyo sinali yogula. Inali ya mayi awo a adona, ndipo mayiwo ankadyerapo adonawo ali mwana.

Nthawi imeneyo bambo a kunyumba ntchito inali itawathera kufakitale, ankangoyenda m'mageti a ku Prospecton kufunafuna ganyu. Ana, lendi, chakudya, zonse zinali pa ntchito yanga ija. Ndinaganiza zokanena kuti ndinaiwala kuwauza alamu, mwina mkwiyo ungachepe. Alamu anakana. Anati bodza limenelo Mulungu sangalidalitse, ndipo amene ananyika mbale ndi iwo, apita okha akalankhule.

Tinapita tonse Lachisanu lotsatira, adona atabwerako, mwana ali kumsana. M'takisi tinakhala chete monga mwa masiku onse. Chiyambire zipolowe zothamangitsa anthu a maiko ena chaka chapitacho sitinkalankhula Chichewa pagulu. Alamu anali atafungatira katoni pamiyendo. Anali atagula mbale zatsopano zoyera za mzere wagolide, kuti akabweze.

Tinapeza mbale zitatu zija zili patebulo, adona atakhala pambali pake. Zinayeradi, zithunzi zili pomwepo, koma zinkaoneka ngati nkhope ya munthu amene wadwala nthawi yaitali. Imodzi inali itayamba kutuluka tinthu toyera ngati mchere m'ming'alu, ndipo kunyezimira kwake kunkasupuka ukakhudza. Alamu anagwada pansi, pa kapeti, monga timachitira kwathu popepesa kwa wamkulu, n'kupereka katoni ija ndi manja awiri. Adona anadzidzimuka, anawauza kuti adzuke. Alamu sanadzuke. Chizungu chawo n'chochepa, ndiye ankalankhula Chichewa ine n'kumamasulira.

"Auze kuti kwathu munthu wamkulu sitimupatsira chakudya m'mbale yothimbirira. Ine nditaona mbalezi ndinamva chisoni. Ndinati mayiwa alibe wowasamala."

Ndinamasulira momwemo, ngakhale kuti mawu omalizawo ndinachita nawo mantha. Adona anatenga mbale ya mayi awo ija n'kuyendetsa chala pamene panali thotho lalikulu kale. Kenaka anatsegula katoni, n'kuona mbale zagolide zija, ndipo sindinadziwe ngati akufuna kuseka kapena kulira. Anangoti tizipita, ine ndidzabwere Lolemba.

Lamlungu kutchalitchi sindinapemphe zambiri. Ndinangoti, Ambuye, inu mukudziwa kuti alamu anachita ndi mtima wabwino, ana anga musawaiwale. Alamu anasala kudya tsiku lonse, koma madzulo ankang'ung'udzabe kuti mbale zinayera bwino.

Lolemba ndinapeza misomali itatu pakhoma ili yopanda kanthu. Mbale yosupuka ija anali ataikulunga m'nsalu n'kuiika m'kabati. Ziwiri zinazo zinali patebulo la kukhitchini, pali buledi wopaka batala, tiyi ali m'makapu awiri. Zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko ndinali ndisanakhalepo patebulo limodzi ndi iwo. Ndinkamwera tiyi wanga choimirira pafupi ndi sinki.

"Khala pansi," anatero. "Pakhoma sizingabwererenso, zilibenso nkhani yoti zinene. Iyi mayi anga ankadyerapo, ine ndinaipachika. Tiye tizidyerapo, mwina zidzadanso."

Za ntchito sananene chilichonse, ndipo ine sindinafunse. Nditatha kudya ndinavala epuloni yanga n'kuyamba kusesa.

Kuyambira tsiku limenelo tinkadya limodzi chakudya cha m'mawa, iwo pa mbale ya mayi awo, ine pa inayo. Nthawi zina nkhuku yotsala dzulo ya msuzi wachikasu wa zokometsera umene amati kale, nthawi zina mapapaya. Pozitsuka ndinkangogwiritsa madzi ofunda ndi sopo pang'ono. Mbale zagolide za alamu sanazibweze, ankapatsirapo alendo makeke, n'kumawauza kuti ndi mphatso yochokera ku Malawi, chonsecho zinagulidwa m'tauni momwemo. Mwana wanga anakulira pansi pa tebulo limenelo. Atayamba kulankhula ankawatchula kuti gogo, ndipo iwo ankavomera.

Patapita zaka, tsiku lina anandiitanira pawindo n'kundionetsa mbale yawo padzuwa. M'ming'alu munali mutayamba kachikasu pang'ono, ka msuzi wa kale uja. Anasangalala ngati mwana. Nditawauza alamu, anapukusa mutu n'kunena kuti azungu sadzawamvetsa mpaka kufa.

Adona anatisiya mu 2015 atadwala kwa nthawi yochepa. Mwana wawo anabwera kudzalongedza katundu. Mbale za pakhoma tinazikulunga m'manyuzipepala imodziimodzi, zina anatenga, zina anagulitsa. Ya agogo ake ndinamuuza kuti asaisiye, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake inali yoyererapo kusiyana ndi zinzake. Analira, kenaka anaseka. Imene ndinkadyera ine anandipatsa. Ili m'kabati mwanga, pamwamba pa mbale za alendo, ndipo alamu akabwera ndimaiyang'anira.

Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zaka zimenezo. Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzikumbukirako banja la mayi ameneyu, makamaka mwana wawo amene anatsala yekha kutali, wopanda mayi ndi bambo. Mukumbukirenso alamu anga ndi achimwene, amene maso ayamba kuwavuta, ndi ana athu amene akukulira m'dziko la eni.