Mpongozi Amene Anasesa Maluwa a Pasaka

M'mawa wa tsiku la Pasaka, Salote anasesa pakhomo pa apongozi ake, ndipo anasesa bwino kwambiri.

Salote anali wa ku Tonga. Anakumana ndi Duarte ku Sydney, komwe mnyamatayo ankagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo atakwatirana anabwera naye kwathu kuno kudziko la Apwitikizi, kumudzi wina kufupi ndi Ponte de Lima. Pa Chipwitikizi chonse ankadziwa bwino liwu limodzi, lovomera. Aliyense akamuyankhula, ankamwetulira n'kuti inde.

Kuno pa Pasaka mtanda umayenda nyumba ndi nyumba, belu lili patsogolo. Ofuna kuulandira amamwaza maluwa ndi masamba onunkhira pakhomo. Pamene palibe maluwa, onyamula mtanda amangodutsa.

Chaka chimenecho Dona Albertina, mayi ake a Duarte, anali chigonere atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Dzulo lake anali atamufotokozera Salote kuti Dona Celeste, oyandikana nawo nyumba, adzamwaza maluwa m'mamawa, iye adzangotsegula chitseko. Salote anati inde. Kutacha, Duarte atapita ku Braga kukatenga mlongo wake Graça, Salote anaona masamba ali mbwee pakhomo tsiku la chikondwerero, nathamangira tsache.

Belu linamveka kumtunda, linafika pageti, linapitirira. Onyamula mtanda anaganiza kuti mayiwo akadali kuchipatala.

Dona Albertina sanakalipe. Anadikira mwana wawo.

"Chikwatiwire m'nyumba muno, mtanda sunandidutsepo," anatero. "Mkazi wako ndinamuuza zonse. Anati inde."

Kuchokera tsikulo anasiya kumuyankhula Salote. Chilichonse chinkadzera mwa Duarte, ngakhale onse atatu atakhala pa tebulo limodzi.

Vuto linali lakuti Duarte anali atapeza ntchito ku France, yoyamba anthu akatha kukolola mphesa.

"Ndikachoka mudzatsala awiri," anamuuza mkazi wake. "Amayi akuti sangatsale ndi munthu amene amavomera zinthu asanamve. Akuti bola akakhale kunyumba yosungira okalamba."

Salote sanafunse zambiri. Mayiwo akatuluka m'nyumba yawo chifukwa cha iye, mudzi sudzaiwala, ndipo Duarte adzanena kuti wakhululuka, koma sadzakhululuka.

Anayamba kuphunzira Chipwitikizi pa foni. Patapita masabata angapo ankatha kunena kuti mnyamata akudya apozi ndiponso kuti njovu ndi yaikulu. Dona Albertina analibe njovu.

Ndiye anasiya foni n'kuyamba kutsikira kumsewu m'mawa uliwonse, pamene galimoto ya buledi imaima ndipo amayi a m'mudzi amaunjikana.

"Bisani maluwa, wosesa uja wabwera!" anakuwa Dona Celeste, amayi onse n'kufa nako kuseka.

Salote anamva inde akukwera kukhosi kwake. Anamumeza, nanena mawu amene anawaloweza dzulo lake.

"Sindinamve. Bwerezani."

Dona Celeste anabwereza, mokweza kuposa poyamba. Kuno timakhulupirira kuti mlendo akapanda kumva, vuto ndi makutu. Atabwereza kachitatu, ndi manja omwe, Salote anamva kuti akumunyogodola. Anachita manyazi mpaka thukuta, komabe mawa lake anabweranso.

Sizinayende msanga. Anagula buledi wolakwika kangapo. Pamaliro ankaima kumbuyo kwa Dona Celeste kuti amve mawu opepesera, kenako n'kukawayeserera kukhola, nkhuku zikumuyang'ana. Anaphunzira kufunsa munthu za bondo lake n'kupirira yankho lonse. Anaphunzira kukana chakudya chowonjezera katatu, podziwa kuti amuikirabe. Masiku ena ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, atamva theka chabe la zimene zanenedwa.

Nthawiyo mphesa zinali zikuda m'minda, nthawi yokolola ikuyandikira. Salote akadutsa pansi pa mipesa sankafuna kuyang'ana kumwamba. Graça anayamba kubwera pafupipafupi, kumanong'onezana ndi mayi ake za chipinda chimene wakachiona kunyumba yosungira okalamba ku Braga. Tsopano Salote ankamva zimene akunong'onezanazo, ndipo kumvako kunkamusowetsa mtendere kuposa kale.

Lamulungu lomaliza Duarte asananyamuke, banja lonse linakhala pa chakudya chamasana. Dona Albertina analawa supu ya kabichi, naika supuni pansi.

"Duarte, umuuze mkazi wako kuti supuyi ilibe mchere."

Duarte anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma Salote anamutsogolera.

"Ndamva, Amayi. Ndachepetsa dala. Adokotala anatero."

Salote anapitiriza, liwu ndi liwu.

"Tsiku lija sindinamve chilichonse. Ndinaopa kunena. Ndinakumanitsani mtanda. Pepani, Amayi. Musachoke m'nyumba yanu chifukwa cha ine."

Dona Albertina anamuyang'ana kwa nthawi yaitali, koyamba chichokere pa Pasaka. Kenako anayankhula mothamanga, ngati mmene amayankhulira akamakangana ndi wogulitsa nsomba. Salote anagwirapo mawu awiri okha. Sanadziwe ngati akumukhululukira kapena akumutsanzika. Onse ankamuyang'ana.

"Sindinamve, Amayi. Bwerezani pang'onopang'ono."

Graça anatseka maso.

Mayiwo anapuma mozama, nabwereza ngati akuyankhula ndi mwana wamng'ono.

"Ndati, adokotala sadya nawo pano. Ndipatse mcherewo. Ndipo kabichi sadula chonchi, mwana iwe, ngati ukudulira nkhumba. Mawa ubwere ndi mpeni kuchipinda kwanga, ndikuonetse."

"Nanga za ku Braga zija, Amayi?" anafunsa Graça.

"Ngati chipindacho wachikonda, kakhalemo iwe." Anatembenukira kwa Duarte. "Iwenso pita ku France kwakoko. Pakati pathu pano ukungotchinga."

Duarte anapita. Lero Salote amakalipidwa tsiku lililonse, pa nkhani ya mawindo, ya nkhuku, ya mmene amayanikira zovala. Zambiri amazimva. Zina amayankha, ndipo Dona Celeste akuti pakamwa pake payamba kuthwa kuposa pa apongozi ake.

Inu amene muli kwa eni, lilime likulemera, mtima ukugunda nthawi iliyonse wina akakutembenukirani: musabisale m'kumwetulira. Nenani kuti simunamve. Adzakusekani, adzakuwa, koma adzabwereza. Musataye mtima, mawa mudzatsikirenso kumsewu.