Masitepe a Tchalitchi Chathu

Chaka chimene usipa unasowa ku chilumba cha Mbenji, ndinapinda malichero anga ogulitsira nsomba n'kuuza bambo kuti ndikupita ku Kepitawuni. Anandiperekeza wapansi mpaka ku depoti ya Salima, chikwama changa ali nacho paphewa. Ine ndi amene ndinkatsalira m'mbuyo.

Ku Kepitawuniko ndinapeza ntchito yosamalira mayi wina wokalamba woyenda pa njinga ya olumala. Ankakonda kuona nyumba zakalekale, ine n'kumawakankha. Matchalitchi amiyala, ndende zamakedzana, konse anaikako njira yotsetsereka pambali pa masitepe, kwina ngakhale chikepe. Sindinkaziganizira n'komwe. Chimene chinkandidya chinali kusungulumwa. Sabata inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu.

Ndalama ndinkatumiza kwa achimwene anga a Yohane. Ndikaimba foni ya vidiyo, bambo ankaoneka atakhala pampando, akuseka. “Tili bwino, mwana wanga, iwe gwira ntchito.”

Mayi aja atamwalira ndinabwerera kumudzi. Ndinafika Lamulungu m'mawa, pakhomo palibe munthu, ndiye ndinathamangira kutchalitchi. Tchalitchi chathu n'chakale, cha nthawi ya amishoni, ndipo anachikweza pamwamba kuopa madzi a nyanja.

Ndinaona munthu akukwawa pamasitepe, jekete lakuda likukhwekhwereza pansi, mwendo umodzi akuukoka. Anthu ankangomulambalala atanyamula mabuku a nyimbo. Atatembenuka, chikwama chinandigwa m'manja.

“Bambo!”

“Wabwera? Dikira ndimalize kaye.”

Achimwene anandikokera pambali. “Anadwala sitiroko chaka chatha. Anatiletsa kukuuza, ati ungasiye ntchito.”

“Nanga osawanyamula bwanji?”

“Amakana. Amati iwo si thumba la chimanga.”

Mapemphero sindinawamve. Titatuluka ndinapita kwa mkulu wa mpingo n'kumufotokozera za njira zotsetsereka zija. Ndinati simenti ndigula ndekha.

“Mayi, nyumba iyi ndi mbiri,” anatero. “Alendo amabwera kudzajambula masitepe amenewa. Tikawagwira tiwononga.”

“Zakale kuposa izi ndaziona, ndipo sizinawonongeke!”

“Kumeneko ndi kunja. Tikakambirana kukomiti.”

Bambo anali atatsika kale chokhala, sitepe imodzi imodzi. Anandikodola. “Usakangane nawo chifukwa cha ine. Pita kuseri uko ukaone.”

Ndinazungulira. Pansi pa zenera, padzuwa, panali anthu atakhala pamiyala: mayi Nabanda amene anandiphunzitsa kwaya, tsopano oyendera ndodo, abambo ena osaona, ndi mtsikana wopuwala miyendo amene ndinkamudziwa kuyambira ali khanda. Ankadikira kuti wina awatulutsire mgonero.

“Munayamba liti kukhala kuno?” ndinafunsa mtsikanayo.

Anandiyang'ana modabwa. “Achemwali, ine m'katimo sindinalowemo chibadwire. Kale lija mukupita kukwaya munkandipatsa moni pompano.”