Munthu Amene Ankatokosa Zenera Lathu

Chipinda chimene ndinkachita lendi ku Mfuleni chinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikhosa, ndipo chinali ndi zenera limodzi lokha. Linali la matabwa, lakalekale, lozulidwa kunyumba ina n'kudzalowetsedwa m'khoma la mabuloko mwachisawawa. Linkayang'ana kakhwalala kopapatiza pakati pa khoma lathu ndi mpanda wa malata wa oyandikana nawo, kumene sikunkadutsa munthu, koma agalu ndi majumbo ouluka ndi mphepo.

Ndinkakhala ndi mng'ono wanga. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Somerset West, kunyamuka kusanache, kubwera kutada. Iye ankaluka tsitsi pa saluni ina pafupi ndi siteji ya matekisi, koma pakati patakula miyendo inayamba kutupa, anasiya kupitako. Mwamuna wake anali kuminda ya mphesa, ankabwera kutha kwa mwezi. Ndiye masana onse mng'ono wangayo ankakhala yekha.

Chaka chimenecho mvula ya m'nyengo yozizira inayamba msanga. Mvula ya kuno siigwa choongoka ngati ya kwathu, imabwera chopingasa ndi mphepo, kufunafuna polowera. Tsiku lina nditabwera kuntchito ndinapeza galasi limodzi la m'munsi lili ndi mng'alu kuchokera pakona mpaka pakati, likugwedera mphepo ikawomba.

"Asisi, ine sindinaligunde," anatero mng'ono wanga. "Ndinagona masana, ndangomva kuti the!"

Ndinakawauza eni nyumba. Anandiyankha m'Chikhosa chosakaniza ndi Chingerezi kuti chipinda anatipatsa chili bwinobwino, woswa ndi yemwe amakonza. Sindinalimbane nawo. Mlendo salimbana ndi mwini khomo.

Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wa ku Mzimba amene ankaika magalasi m'nyumba zongomangidwa kumene. Lamulungu titaweruka anabwera nafe, chikwama cha zida chili paphewa. Anayamba ndi mkati. Anatenga sikuludilaiva n'kumabaya felemu apa ndi apo. M'mwamba matabwa ankakana, koma pakona ya m'munsi chitsulo chinangolowa ngati akubaya nthochi yakupsa.

"Mayi, njira zilipo ziwiri," anatero. "Tikhoza kungosintha galasili n'kumata phala latsopano. Imeneyo ndi ndalama ya tekisi ya masiku ochepa. Kapena tizule lonse, tiike lachitsulo lokhala ndi zotchinga. Imeneyo ikudyerani pafupifupi lendi ya mwezi."

"Inu mukuona bwanji, abambo?"

"Ine ndimati matabwa akakhala olimba, konzani. Akayamba kuola, mukungodyetsa ndalama chinthu chakufa. Ili layamba. Koma chaka chimodzi likhoza kupirira."

Chaka chimodzi chinali chambiri kwa ine. Kumudzi ankadikira ndalama, mwana wobwerayo analibe ngakhale shawelo. Ndinati tingosintha galasi.

Bamboyo anazungulira kuseri kukayeza. Anachedwa. Ndinamva akusuntha mapazi m'kakhwalala muja, kenaka zii. Atabwera sanalowe m'nyumba, anandikodola ndili pakhomo.

"Tabwerani muone."

Ndinapanikizika nawo m'kakhwalalako. Anandilozera m'mphepete mwa galasi, mmene mumakhala phala lolimba lija logwira galasi ku thabwa. Mbali ziwiri munalibiretu phala. Thabwa linali poyera, lili ndi mizere yatsopano, yoyera.

"Phala likakalamba limang'aluka lokha, limagwa tizidutswa," anatero motsitsa mawu. "Ili lachita kudulidwa ndi mpeni. Galasi lanu silinasweke ndi mphepo. Munthu amafuna kulitukula, ndiye linamukanira."

"Kuti atani nalo?"

"Amachotsa pang'onopang'ono, lero apa, mawa apo. Tsiku lobwera amangolinyamula mwakachetechete, n'kupisa dzanja kutsegula. Mumakhala muli kuntchito masana?"

Nditakweza maso ndinaona nkhope ya mng'ono wanga kuseri kwa galasi losweka lija. Anali atamva zonse.

"Ndiye zimene ndimamva zija si makoswe," anatero.

Anatiuza kuti kwa masiku angapo, akagona masana, ankamva kukanda kwapansipansi kukhomako. Akatsokomola kapena kutembenuka pabedi, kunkasiya. Akakhala chete, kunkayambiranso. Bedi lake linali pansi pa zenera lomwelo. Ndiye kuti munthuyo ankadziwa kuti m'nyumba muli munthu, ndipo sizinkamuletsa.

Ndalama imene ndinali nayo tsiku limenelo inali ya galasi basi, ndiye tinaika galasi. Bamboyo anamata phala latsopano, lofewa, lonunkha mafuta, n'kulisalaza ndi mpeni wake mpaka linaoneka bwino kuposa zenera lonse. Akulongedza zida anandiuza chinthu chimene ndikanakonda asanene.

"Phala limeneli limachedwa kuuma, makamaka kukamazizira chonchi. Masabata angapo likhala lofewa. Pano safunanso mpeni, chala chikwana."

Pa yadipo tinalipo angapo, koma masana onse ankapita kokasaka ndalama. Wotsala anali mmodzi: mchimwene wa eni nyumba, bambo wamkulu ndithu, imvi zitayamba m'ndevu. Anabwera chilimwe chapitacho, palibe amene ankanena kumene anachokera. Sankagwira ntchito. Ankakhala pa kireti pafupi ndi mpopi, atavala chijasi, ndipo anali waulemu kwabasi. Ndikamatuluka m'mawa ankakhala atadzuka kale. "Molo, sisi," ankatero pondilonjera, n'kundiperekeza ndi maso mpaka pageti. Sindinamuonepo ali kuseri kwa chipinda chathu. Ndinenetse, sindinamuonepo ndi maso angawa.

Lachitatu ndinaweruka msanga, ndinafika kukadali kowala. Ndisanalowe m'nyumba ndinazungulira kuseri. M'phala latsopano lija munali zidindo za zala, zikuluzikulu, zondondozana ngati munthu amayesa ngati lauma. Pakona imodzi phala linali litakokedwa, chingwe chake chili lende.

Mng'ono wanga ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, atagwira mpeni wa buledi. Anati sanaone nkhope, chifukwa katani inali yotseka. Anangoona chithunzithunzi chitaima pamenepo nthawi yaitali, osasuntha.

Kuyambira m'mawa mwake sanakhalenso yekha. Ndinkamudzutsa kusanache, tinkayenda pang'onopang'ono mpaka kusaluni kuja, n'kumusiya atakhala pa benchi panja kudikira kuti atsegule. Ankangokhala tsiku lonse miyendo ataiika pa chidebe. Kumudzi ndinaimba foni kuti mwezi uno asayembekezere kanthu. Mayi anafunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndi zenera. Anangoti, "Zenera?" Mng'ono wanga anagulitsa tsitsi loluka limene anasunga kuti adzayambire akadzachira, mlamu wanganso anatumiza kangachepe.

Panafunika chilolezo cha eni nyumba, popeza kunali kugumula khoma. Ndinawapeza akuyanika zovala. Ndinawafotokozera za mpeni, za zala, za chithunzithunzi. Dzanja lawo linaima pachingwe. Anayang'ana cha kumpopi kamphindi, kenaka anabweza maso kwa ine.

"Pano palibe akuba," anatero. "Ikani zenera lanulo ngati muli ndi ndalama. Koma mukamadzachoka lidzatsala. Chimene chalowa m'khoma langa ndi changa."

Loweruka bambo wa ku Mzimba uja anabwera nalo pa baki, kagalimoto konyamula katundu ka mnzake. Linali logwirapo kale ntchito, analipeza kogulitsa zitsulo zakale, la dzimbiri pang'ono, koma zotchinga zake zinali zowotchereredwa, zonenepa ngati chala changa chachikulu. Lakale lija atalikoka linangothyoka m'munsi, mkati muli bii, monyowa. Anandionetsa n'kupukusa mutu.

"Chaka ndinanena chija ndinanama. Ili silikanafika ngakhale Khirisimasi."

Akukweza lachitsulolo linalemera, mnzake uja anali atapita ndi baki. Ndisanasunthe, mchimwene wa eni nyumba uja anadzuka pa kireti yake n'kudzagwirizira mbali ina. Anagwira bwino ndithu, moleza mtima, mpaka bamboyo anamaliza kupanikiza ndi miyala ndi kuthira simenti. Ine ndinkangoyang'ana manja ake pa chitsulocho. Zala zikuluzikulu, zikhadabo zazitali.

Atamaliza anagwedeza zotchinga zija kamodzi, kuyesa, n'kumwetulira. Analankhula m'Chingerezi kuti tonse timve.

"Zolimba kwambiri, sisi. Palibe angalowe." Anayang'ana mng'ono wanga, amene anakhala pabedi, kuseri kwa zitsulozo. "Koma moto ukabuka kukhomo, mudzatulukira pati?"

Ku Mfuleni moto si nthano. Tonse tinkadziwa mmene chipinda chimapsera msanga pamene chitofu cha palafini chagwa. Mwina ankangonena zimene aliyense akananena. Anapukuta manja pa chijasi chake n'kubwerera kumpopi.

Bambo wa ku Mzimba anasalaza simenti, anatsuka zida, anamwa tiyi amene ndinawapatsa ali chiimire. Ndikuwaperekeza pageti ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi zenera, ndipo ndamaliza. Koma yambani kufunsa chipinda kwina."

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi ndalama imene inali isanaume n'komwe m'khomamo. Ndinadziuza kuti tipirira. Kwa masiku angapo kunalidi bata. Mvula inasiya kulowa, m'chipinda munafunda, mng'ono wanga anati watopa ndi benchi ya kusaluni, ayambenso kutsala. Ankakhoma chitseko mkati n'kutsamiritsapo mpando.

Kenaka tsiku lina masana anandiimbira foni ndili pakati posita. Ankanong'ona.

"Asisi, chogwirira cha chitseko chikutsika."

"Kuwa! Kuwa kwambiri!"

"Chabwereranso m'mwamba. Asisi, akupuma. Ndikumumva akupuma."

Anakuwa ndithu. Mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, kutsidya kwa msewu anathamangira, koma anapeza pakhomo palibe munthu. Pa kireti panalinso popanda munthu. Ine ndinasiya simbi, ndinawauza adona kuti kwagwa zadzidzidzi, ndipo ulendo wa tekisi umenewo sindiukumbuka.

Mayi wina wa kutchalitchi anatipezera chipinda ku Gugulethu, chaching'ono kuposa chija, koma pakati pa mabanja ambiri, ana akusewera pakhomo tsiku lonse. Masiku otsala a mweziwo mng'ono wanga anakagona kwa mayiwo. Mwana wake anadzabadwira ku Gugulethu komweko, wamkazi, wathanzi.

Tsiku losamuka, tikukweza katundu pa baki, eni nyumba anabwera ndi mtsikana wodzaona chipinda. Nditangomva mmene ankatchulira Chingerezi ndinadziwa kuti ndi wakwathu. Anali ndi chikwama chimodzi. Eni nyumba ankamuonetsa zenera, kugogoda zitsulo, kumuuza kuti lendi yakwera chifukwa chipindachi tsopano n'chotetezeka. Mchimwene wawo anali atanyamula matiresi athu kupita nawo kubaki.

Mtsikanayo anandiyandikira.

"Asisi, muli bwanji? Pano m'pabwino?"

Eni nyumba anali pomwepo, maso ali pa ine. Ndinaseka ngati tikukamba za kumudzi, n'kumuuza m'Chichewa, ndikumwetulirabe, kuti asayerekeze kutsala yekha masana, kuti pali munthu amene amayesa zitseko, ndipo ngati ali ndi kwina apite kwinako. Iyenso anaseka, wochenjera mwanayo, mpaka kundimenya paphewa.

"Ndamva, asisi," anatero, mano ali poyera. "Koma kumene ndimagona andithamangitsa dzulo. Ndilibe kwina."

Ndinamupatsa nambala yanga, ndinati akaona chilichonse aimbe, usana kapena usiku, tidzapanikizana ku Gugulethu. Anaisunga mufoni ine ndikuona. Baki ikutuluka pageti anali akulowetsa chikwama chake m'chipindamo. Sanaimbepo. Patapita miyezi ingapo ndinafunsa kwa mayi wa magwinya uja, anati m'chipindamo tsopano mukukhala anyamata awiri a ku Zimbabwe, ndipo za mtsikanayo sakudziwa kuti anachoka liti.