Umboni Wanga Unagwetsa Mkamwini Wanga Pampando

Ine ndine mayi wachikulire wa ku Dedza, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikudzitama kuti palibe angandipusitse. Mlendo akandisekerera kwambiri, ine ndimayamba ndayang'ana ngati nkhuku zanga zilipo zonse. Koma inu owerenga, ine yemweyo anthu anandigwira ngati nkhwangwa, ndipo mtengo umene anadula nane unali wa pakhomo pa mwana wanga.

Ndinapita ku Dubai kukalera mdzukulu wanga Yankho, chifukwa mayi ake, mwana wanga Tadala, ndi namwino pa chipatala china ku Oud Metha. Ndinkati ndikhalako pang'ono, koma mliri wa korona unatseka ndege. Ngakhale zitatsegulidwa sindinabwerere, poti Tadala ankangobwera kudzagona basi.

Mukudziwa mwambo wathu, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sachezerana. Kumudzi n'zosavuta, wina amangolambalala kuseri kwa nkhokwe. Nanga m'nyumba ya m'mwamba ya zipinda ziwiri, kunja akuletsa kutuluka, mulambalala kuti? Tinapeza njira yathu. Bambo a Yankho akafuna kundiuza kanthu ankauza mwanayo, amene panthawiyo anali asanadziwe n'kulankhula komwe. Ankati, "Yankho, uwauze agogo kuti tiyi wapsa." Ine ndili kuseri kwa chitseko ndinkayankha kuti, "Yankho, uwauze kuti ndamva."

Mkamwini wangayo anali injiniya, komanso pulezidenti wa bungwe la Amalawi ndi Azambia okhala kuno. Mliri utavuta, bungwelo linkasonkha mpunga ndi mafuta ophikira zothandizira amene ntchito zinawathera, ndipo katunduyo ankasungidwa m'nyumba mwathu.

Malamulo otuluka atafewa, ndinayamba kuona zachilendo. Munthu amene kale ankavala tayi anayamba kutuluka ndi kachikwama. Ankanyamula matumba a mpunga aja, n'kubwera madzulo atavala malaya ena. Akangolowa ankathamangira kubafa asanamugwire n'komwe mwana, ndipo zovala ankachapa yekha. Ndinamufunsa Tadala, iye anangoti, "Amayi, zisiyeni." Mumtima ndinati mwana wanga akubisa manyazi, pali mkazi wina. Mwini wakeyo sindikanamufunsa. Nkhani yotero mungaitume kudzera mwa khanda?

Masiku amenewo pa TV ankaonetsa aphungu a dziko lina lalikulu akuzenga mlandu pulezidenti wawo. Tsiku lina ndinamva mkamwini wanga akuseka pabalaza, mwana ali pamiyendo. Anati, "Yankho, uwauze agogo kuti awa sakufufuza ayi, akuwerenga manja." Sindinamvetse, ndipo sindinasamale.

Apa m'pamene anabwera Mayi Tembo, akauntanti wa ku Chipata amene amagwira ntchito ku Jumeirah Lake Towers, wachiwiri kwa pulezidenti m'bungwemo. Anayamba ndi kundisiyira nsinjiro ndi mfutso pakhomo. Kenako ankaimba foni masana ndili ndekha, osafunsa kanthu, kungocheza. Ndikanena kuti anthu a masiku ano ngosadalirika, iye ankavomera ndi mtima wonse. Ankati, "Ambuya, imwe muli na maso. Ise tonse mu Dubai muno tagona." Inu owerenga, munthu wosakhulupirira aliyense ali ndi khomo limodzi losatseka. Muuzeni kuti iye yekha ndiye amaona, alowa yekha m'thumba. Pasanapite nthawi ndinali nditamuuza za malaya, za bafa, za mpunga.

Zimene ndikulemba tsopanozi ndinazidziwa mochedwa. Malamulo a bungwelo amati pulezidenti sachotsedwa pokhapokha anthu awiri mwa atatu alionse atavomera. Mayi Tembo ndi anzake anali atawerenga, n'kupeza kuti sakukwana. Ndiye sanapemphe zochotsa munthu. Anapempha kakomiti kofufuza za mpunga, kamene kuti kakhazikitsidwe pamangofunika kuti ovomera aposeko okana. Ndani angakane kufufuza? Ngakhale anzake a mkamwini wanga anati mlekeni adziyeretse. M'komitimo analowetsamo anthu awo, n'kudzilembera okha kayendetsedwe kake: mboni zilankhule pamaso pa mamembala onse, woimbidwa mlandu alankhule pomaliza, ndipo voti yomuchotsa ichitike tsiku lomwelo mitima isanazizire. Anayamba ndi mboni zing'onozing'ono, wina wodandaula kuti foni yake sinayankhidwe, wina kuti mafuta anamupeza mochedwa. Zimenezo zinali zongotenthetsera madzi. Mboni yomaliza anasungira ine.

Anandiuza kuti ndikapulumutsa banja la Tadala, kuti mwamuna akachita manyazi pagulu amabwerera kunyumba. Ndinavomera osamuuza mwana wanga.

Msonkhano unali wa pavidiyo, Loweruka masana, Tadala ali kuntchito. Mkamwini wanga anali pabalaza ndi kompyuta yake, ine kuchipinda ndi foni, pakati pathu khoma lokha. Atatchula kuti mboni yotsatira ndi apongozi a pulezidenti, ndinamva mpando ukukhwekhwereza pabalaza. Mayi Tembo anati, "Ambuya, osavutika na nkhani zitali. Muyankhe chabe inde olo iyayi." Kodi amatuluka ndi mpunga wa bungwe? Inde. Kodi amabwera atasintha malaya? Inde. Kodi amafikira kusamba? Inde. Inde aliyense ndinkamumva kawiri, pakamwa panga ndi pa kompyuta ya kuseri kwa khoma.

Mnyamata wina anaseka n'kunena kuti, "Ndiye kuti habibi, chibwenzi chija, akudya bwino!" Kenako bambo wina wachikulire, amene nthawi yonseyi ankaikira kumbuyo mkamwini wanga, anapukusa mutu. Anati, "Mpaka apongozi kutsegula pakamwa? Khalas, zatha, ine ndilibenso mawu." Apo m'pamene panagona nzeru yawo yonse. Ankadziwa kuti kwathu mpongozi salankhula za mkamwini pagulu, ndiye akalankhula, anthu amati zafika posauzana.

Itafika nthawi yake, mkamwini wanga ananena kuti mpunga ankapereka kwa anyamata a ku Ras Al Khor amene ntchito zinawathera, ndipo anapempha kuti awaitane. Anamuyankha kuti nthawi ya mboni yatha. Atamufunsa za malaya, anakhala chete. Manja anakwera, ndipo anakwana.

Tadala atabwera anandipeza kukhitchini. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anandiuza kuti mwamuna wake ntchito inali itamuthera kalekale, ndipo ankagona pansi pa magalimoto pa galaja ina ku Ras Al Khor komweko kuti tipeze lendi. Malaya ankasintha chifukwa cha oilo, ndipo ankafikira kusamba poopa kutipatsira matenda ine ndi mwana. Anandibisira poopa BP yanga. Kuno kugwira ntchito pamalo pamene sipanalembedwe pa viza yako ndi mlandu, ndipo msonkhano uja unkajambulidwa. Akanayankha za malaya, akanadzipereka yekha ndi mwini galaja yemwe. Anasankha kutchedwa wachiwerewere.

Kavidiyo ka inde wanga kanazungulira m'mafoni. Munthu wina wa m'bungwemo, amene anali atalonjeza kumulankhulira ku kampani yawo, anasiya kuyankha foni. Viza inatha, ndipo mkamwini wanga anayenera kubwerera ku Malawi, kusiya mkazi ndi mwana. Mayi Tembo anakhala pulezidenti. Nditamuimbira ndikulira, anati, "Ambuya, ni ndale chabe. Ise sitinali kufuna kudziwa kwamene ayenda. Manja ndiye anali ochepa." Nsinjiro zinathera pomwepo.

Tsiku lonyamuka ndinabisala kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse. Ndinkafuna anditukwane, aswe mwambo, andiyang'ane m'maso. Iye anagwada, n'kunyamula mwana wake, n'kunena mofatsa kuti, "Yankho, uwauze agogo kuti asadandaule. Sananame." Ananyamuka ine ndikadali kuseri kwa chitsekocho.

Ndikadali kuno, chifukwa Tadala alibe wina womusiyira mwana. Amandipatsa moni, amandigulira mankhwala, koma kuseka nane kuja kunatha.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mukusungidwa m'nyumba za ana anu, anthu akakuitanani kuti mukachitire umboni pa kafukufuku, yambani mwafunsa kuti wakonza mafunsowo ndani, ndipo voti ili liti. Akakuuzani kuti muyankhe inde kapena ayi basi, dziwani kuti yankho ali nalo kale, akungofuna nkhope yanu. Ndipo ngati mwambo ukukuletsani kufunsa munthu m'nyumba, ukuletseninso kumunena pabwalo. Ine ndinausunga pamene unafunika kuuphwanya, n'kuuphwanya pamene unafunika kuusunga.

Yankho tsopano akulankhula. Mawu aja anawagwira, ngakhale sadziwa tanthauzo lake. Akamasewera amabwera kudzandigwira tsaya, n'kunena akuseka kuti, "Agogo sananame." Ine ndimangoti ndamva.