Bilu ya Madzi Imene Inandifikitsa ku Ntaja

Adzukulu anga amandiseka kuti ndimasunga lisiti ngakhale ya mchere. Aseke. Iwo anabadwira m'nyumba yathuyathu, palibe amene anawagogoderapo kumapeto kwa mwezi. Ine ndinakhalapo pa lendi.

Zaka zimenezo Balaka inali idakali pansi pa boma la Machinga. Ndinafikako kuchokera kwathu ku Rivirivi, bambo a ana anga atamwalira. Abale awo anatenga njinga, wailesi ndi mbuzi. Makina osokera okha ndi amene anawaphonya, chifukwa ndinali nditawabisa kwa mlongo wanga maliro asanaikidwe. Ana ndinawasiya ndi amayi kumudzi, ine n'kuyamba utelala pakhonde.

Nyumba imene ndinapeza inali mdadada wa zitseko zinayi, mpopi umodzi pabwalo. Eni nyumba, bambo wopuma ntchito ya ukalaliki, ankakhala ndi akazi awo m'nyumba yaikulu kutsogolo. Bilu ya madzi inkabwera m'dzina lawo, iwo n'kuigawa pa zitseko. Osati pa mitu ya anthu, pa zitseko. Pachitseko chapakati panali banja la ana asanu ndi awiri, matewera pachingwe tsiku ndi tsiku, koma ankalipira mofanana ndi ife. Nyumba yaikulu ija, imene inkatunga pampopi womwewo, sinkawerengedwa ngati chitseko. Zonsezi ndinkaziona ndili pamakina, phazi likupalasa, maso ali pampopi.

Chitseko chathu tinali awiri. Mnzangayo anali mayi wa ku Ntaja, wachisilamu, wogulitsa matemba ndi milamba youma imene ankakapikula ku Chiuta. Tinkaitanana kuti achemwali. Anali munthu woseka kwambiri, ndipo ine anthu oseka kwambiri ndimawayang'anitsitsa. Lendi ndi bilu tinkagawana pakati, aliyense n'kukapereka yekha gawo lake. Madzi ankatifika makwacha atatu aliyense pamwezi. Ine ndinali ndi kope, ndipo sindinkachoka pakhomo pa eni nyumba asanasainemo.

"Achemwali, inu mudzafa ndi kope m'manja," ankatero mnzangayo. "Anthu akuluakulu okhaokha, pepala la chiyani?"

"Inu mudzafa opanda umboni," ndinkamuyankha choncho, tonse n'kuseka. Mawu amenewo ndinawanenadi, sindikuwabisa.

M'nyengo yozizira anayamba kutsokomola. Anaonda, nsomba anasiya kukapikula, kenako anati akupita kwawo akapezeko bwino. Ndinaona kuti wanyamula mphasa, ndowa ndi mbaula yomwe, ndiye mumtima ndinati uyu sabweranso, chifuwachi wangopezerapo njira. Sindinamuuze. Ndinangowerenga mbale zanga atachoka, zinali zonse.

Patapita masabata awiri a madzi anabwera kudzatseka mpopi. Tsiku lomwelo ndinapita kumsika kukagula ulusi, chitseko nditakhoma. Pobwera ndinapeza loko ali bwinobwino, koma m'nyumba tebulo la makina lili yasa, bowo lokhalokha. Mutu wa makina kulibe. Sindinafunse aliyense. Munthu wina wokhala ndi kiyi anali mmodzi yekha.

Eni nyumbawo ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala ya sabata yatha.

"Bambo, makina anga."

"Ali pabwino, mayi atelala, musade nkhawa. Chitseko chanu chili ndi ngongole ya madzi. Miyezi itatu, makwacha asanu ndi anayi. Ndi chifukwa chake atitsekera."

Ndinawatsegulira kope, siginecha zawo zili ndondondo.

"Gawo lanu sindikukana. Koma la mnzanu uja silinabwere. Ine ndimadziwa chitseko, sindidziwa kuti mkatimo mumagawana bwanji."

"Nanga polandira bwanji munkalandira kawiri?"

"Mayi, ine ndagwira ntchito m'maofesi zaka zambiri. Bweretsani ndalama, munyamule chitsulo chanu."

Tsono m'nyumba mwanga munali nsalu za chipani khumi ndi zinayi, nditadula kale. Amayi apampando a nthambi yathu anandipatsa kuti ndisoke madiresi a amayi okavina, ndipo ankawafuna Loweruka la sabata yotsatira. Amene sanakhaleko nthawi imeneyo sangamvetse. Nsalu ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko ija sunkaichedwetsa, sunkaidula molakwika, sunkaikhalira. Ukalephera, nkhani siinkakhalanso ya utelala, inkasanduka yakuti mayi uyu ali ndi maganizo otani. Kukadandaula kwa amayi apampando sikukanandithandiza, poti akazi a eni nyumba ankavina nawo mzere wakutsogolo. Ine pansonga ya chitenje ndinali ndi makwacha anayi basi. Wokongoza sindinamufune. Madzi amene sindinamwe sindikanawalipira.

M'mawa mwake ndinakhoma nsalu zija m'sutikesi, ndinaika khadi la chipani pachifuwa pamodzi ndi kope, n'kukwera basi ya ku Liwonde. Kuchoka pa Liwonde ndinakwera lole ya matumba, fumbi mpaka m'mano. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze. Ndinawakonza bwino, ena ndikuwakumbukirabe.

Pa Ntaja ndinafunsa kwa amayi ogulitsa nsomba. Anayang'anana, mmodzi n'kundilozera njira yodutsa kuseri kwa mzikiti. Anangoti, "Fulumirani, mupeza asananyamule." Ine ndinaganiza kuti akunena katundu, kuti mwina akusamukanso. Ndinafulumiradi.

Ndinamva kulira ndisanaone nyumba. Anali atamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo, ndipo anzathu achisilamu sagoneka maliro. Amayi anali atamusambitsa kale, atamukulunga m'nsalu yoyera. Ndinakhala pansi pakati pa amayi, kope lili pachifuwa. Chifuwa chija chinali chenicheni. Apo ndinalakwa, ndipo ndikuvomera.

Dzuwa litafika pamutu, amuna anabweretsa jeneza, chonyamulira maliro chija. Asananyamule, anaimirira bambo wina wamtali, wa ndevu zoyera ndi kofia. Mayi amene ndinayandikana naye anandinong'oneza kuti ndi mjomba wake, mlongo wa amayi ake, mwini mbumba. Analankhula m'Chiyao, kenako anabwereza m'Chichewa chifukwa cha alendo.

"Ngati alipo amene mwana wathuyu anali naye ngongole, yaikulu kaya yaing'ono, anene tsopano. Ine ndilipira. Tisamuike ndi katundu wa eni."

Anafunsa katatu. Mayi wina anati anali ndi matambala makumi asanu a mchere, koma wakhululuka. Bambo wina wa ku Chiuta anatchula dengu la matemba, mjombayo anati amuone pambuyo.

Ine ndinangoti chete. Kwathu ku Rivirivi, munthu wotchula ngongole mtembo uli pakhomo amamuyang'ana ndi diso lina. Amati wabwera bwanji tsiku lenileni la imfa, anadziwa bwanji? Mlendo, Mkhristu, wochokera ku Balaka, wofika ndi kope maliro ali m'nyumba. Ndinati uwu ndi msampha, akufuna aone amene anali naye chifukwa. Ndinatseka pakamwa, amuna ananyamula jeneza n'kumapita, ife amayi tinatsala.

Atabwerako kumanda, mayi wina wachikulire, mng'ono wa amayi a malemuyo, anandibweretsera madzi akumwa.

"Inu ndi atelala a ku Balaka eti? Ankakutchulani. Uthenga wakupezani msanga bwanji?"

Bodza ndimalidziwa ndikalimva, koma kulinena sinditha bwino. Ndinawauza zonse, za mpopi, za makina, za makwacha asanu ndi anayi. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa. Iwo anaika manja kumutu n'kuitana mjomba uja.

Anafika, anakhala pampando patali pang'ono, anamva nkhani yonse. Atatero anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, munalipo pamene ndimafunsa?"

"Ndinalipo, bambo."

"Chichewa changa sichinamveke?"

"Chinamveka."

"Ndiye mwamulola mnzanu alowe m'manda ndi ngongole pakhosi? Munkadyera limodzi inu!"

"Kwathu sititero, bambo. Ndinaopa kuti munena kuti ndine ndamupha."

"Wamupha ndi chifuwa, tonse tinachimva. Ife timafunsa kuti iye akagone mopepuka. Inu mwamuchedwetsa."

Palibe amene anandikalipirapo chifukwa chosatchula ngongole, chibadwire. Ndinatulutsa kope kuti aone kuti gawo langa ndinalipira. Sanalilandire n'komwe. Anati mawa tipitira limodzi ku Balaka. Ndinati angondipatsa ndalamazo ndikapereke ndekha, anakana. Anati mwini ngongole ayenera kunena ndi pakamwa pake kuti yatha, iye akumva. Apo ndinawakonda pang'ono bambowo. Nawonso sankakhulupirira munthu.

Tinafika pa Balaka masana a tsiku lotsatira. Eni nyumba ataona mkanjo ndi ndevu zija pabwalo pawo anapinda nyuzipepala. Akazi awo anatulutsa mipando, iwo n'kukhala pamkeka chapakhomo. Azimayi a zitseko zina anayamba kusesa malo osesedwa kale.

Mjomba sanachedwe ndi malonje. Anati mwana wawo uja amuika dzulo, ndipo amva kuti wasiya ngongole pano. Anatulutsa kachikwama, anayala ndalama pabondo.

"Achimwene, nenani zonse zimene anasiya. Musachepetse pondimvera chisoni, musaonjezere. Ine sindinaliko, pepala palibe, mwini wake sangayankhenso. Chimene mutchule ndilipira, ndipo mawu anu ndi amene ndikanene kwathu kuti ngongole yake inali yotere. Kuchoka apo nkhani ikhala ya inu, iyeyo ndi Mulungu."

Eni nyumba anakhosomola. Anayang'ana ndalama zija, anayang'ana ine.

"Pepani ndi zovutazi. Inali miyezi itatu. Makwacha asanu ndi..."

"Iyayi, bambo!" Anali akazi awo, ali pamkeka paja. "Ndalama ya munthu wakufa ine m'nyumba mwanga isalowe. Miyezi iwiri ija anapereka. Anandipatsa ine, inu mutapita ku Zomba. Watsala mwezi umodzi, umene anadwala uja."

Matsache onse anaima.

"Ndiye osandiuza bwanji?" anatero amuna awo, mawu ali m'mwamba.

"Ndinakuuzani. Munati tiona."

"Unandiuza liti iwe?"

"Tsiku limene munagula nsapato zija."

Mpaka lero anthu ena amati bamboyo sankadziwa. Ine ndinaona nkhope yawo, ndipo nsapatozo anali atavala. Ankadziwa.

Mjomba sanalowerere za m'banja. Anawerenga makwacha atatu, anawapereka ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Tsopano nenani." Eni nyumba ananena motsitsa kuti ngongole yatha, alibenso naye chifukwa. Mjomba anati sanamve bwino, ndipo eni nyumba anabwereza mokweza. Kenako mjomba anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu amayi, anakusiyirani chiyani?"

Ndinaganiza bwinobwino, chifukwa ndinali nditaphunzira kuti funsoli si lamwambo chabe. Ndinati mnzangayo analibe nane ngongole, koma ulendo wa ku Ntaja wandidyera makwacha atatu ndi theka chifukwa cha nkhani yake. Anati ndalama imeneyo woyenera kubweza ndi amene ananamizira wakufa, ndipo anayang'ana eni nyumba osaphethira. Makwacha atatu aja anangodutsa m'manja mwawo n'kufika kwa ine, theka akazi awo anakatenga m'nyumba. Ndinalandira. Ena anati ndikanakana chifukwa cha maliro. Iwowo sanakwere lole ija.

Mutu wa makina anautulutsa kuchipinda ataukulunga m'chiguduli. Eni nyumba anafuna kuti andinyamulire mpaka kwanga, ndinati auike pansi pomwepo. Ndinagwada, ndinapukusa gudumu, singano inatsika n'kukwera. Ndinatsegula kunsi. Shatulo, kachitsulo kokhalamo bobini kaja, munalibe. Popanda iko makina ndi chitsulo chabe, ndipo nthawi imeneyo kuti ukapeze kena unkayenera kupita ku Limbe.

"Mwina kanagwera m'njira," anatero eni nyumba.

"Kuchoka pachitseko changa kufika pano ndi mapazi makumi awiri, bambo. Ndidikira."

Ndinakhala pansi pakhonde pawo, miyendo tambalale. Mjomba, amene anali ataimirira kale kuti akapeze basi, anakhalanso pampando. Patapita kanthawi akazi a eni nyumba analowa m'nyumba, tinamva kabati ikutsegulidwa, ndipo anatuluka nako m'kambale ka tiyi.

Mjomba ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Ndinafuna kunena kanthu kokhudza mnzanga uja koma mawu amene ndinali nawo anali aja ndinakonza m'lole, ndiye ndinangoti ayende bwino. Anati ndikadzamvanso munthu akufunsa pamaliro, ndidzayankhe.

Mpopi anadzautsegula patapita masiku atatu, eni nyumba atakalipira okha. Ine ndinagula loko wina tsiku lomwelo, kiyi wake sindinapatse munthu. Madiresi khumi ndi anayi aja ndinawapereka Lachisanu, amayi apampando anawatembenuza uku ndi uku osapeza chonena. La akazi a eni nyumba linali m'gulu lomwelo. Ndinalisoka bwino ngati ena onse, koma sanalitenge asanalipire.